Orval Woboola Maboneti

Orval Yancey anaboola maboneti a magalimoto kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anamumvapo akupepesa. Kuno ku Pardee aliyense ankamudziwa: wamtali, wouma ngati nkhuni, chipewa chothimbirira ndi thukuta, chala chamkombaphala chakumanzere chodukira pakati. Makina ake omwe ndi amene anamudya chalacho, koma ukamufunsa ankati chinatsala kunkhondo, chikhalirecho tauni yonse inkadziwa kuti ku usilikali ankangomata mathanki amadzi.

Ntchito yake inali imodzi. Munthu akabwera ndi pikapu kapena thiraki yotentha injini, Orval ankamasula boneti, n'kuigoneka pa makina ake akale achitsulo, n'kuyamba kuponda. Akaponda kamodzi pankatuluka kabowo kopingasa, kotukuka mbali imodzi ngati chikope chosatsinzina bwino. Timabowo timeneti tinkandanda m'mizere, kuyambira kutsogolo kwa boneti mpaka kukafika pafupi ndi galasi. Luso anali nalo, zimenezo ngakhale omuda sankatsutsa. Chiphunzitso chakenso chinali chimodzi: injini imafa ndi kubanika, ipatseni potulutsira mpweya wotentha ndipo idzakutumikirani.

Kuseri kwa khoma la galaja yake kunali munthu amene ankati zonsezo ndi misala. Anali Rufino Archuleta, mlamu wake, wokonza marediyeta. Bambo ake a Orval pomwalira anasiyira nyumba yogwiriramo ntchitoyo ana awo awiri, Orval ndi mlongo wake Wilda, ndipo Wilda anapereka mbali yake kwa mwamuna wake Rufino. Orval zinamuwawa mpaka m'mafupa. Anamanga yekha khoma lanjerwa pakati, n'kulikhotetsa dala kuti mpopi wamadzi ugwere mbali yake. Rufino sanadandaule kwa aliyense. Anakoka paipi yake kuchokera kuseri, ndipo madzi akuda otsukira marediyeta ankawakhuthula pamalo poti ayenderere mpaka pakhomo pa mlamu wakeyo.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa analira zaka zoposa makumi awiri. M'chilimwe, dzuwa likamasungunula phula pamsewu, mathiraki okoka ngolo zang'ombe ndi zaudzu ankawira pa chitunda cha Mesquite n'kubwerera m'tauni akufuka nthunzi. Dalaivala akangoima pabwalo, onse awiri ankatuluka. Orval ankagogoda boneti n'kunena kuti ngakhale munthu, kumutsekera m'chipinda chopanda zenera mwezi wotentha wa Julayi, angapse. Rufino ankayankha ali chiimire pakhomo pake kuti kutentha kwa injini kumanyamulidwa ndi madzi, ndipo madzi amazizirira mu rediyeta, osati m'zokongoletsa za alamu. Madalaivala ena ankasankha mmodzi. Ena ankatopa nawo n'kupitirira kukakonzetsa ku tauni ina.

"Alamu, mwadzuka bwanji ndi zithaphwi zanu?" Orval ankatero m'mawa.

"Bwino, alamu. Mwaononga angati lero?"

Moni wawo unali umenewo, ndipo sunali wanthabwala.

Mkazi wa Orval anamuthawa pamene mwana wawo Darla anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akuti anatopa kukhala ndi munthu wokangana ngakhale ndi wailesi. Darla anakulira pakati pa makomo awiriwo, kudya kwa azakhali ake a Wilda, kugona kwa bambo ake. Atakula anagula thiraki yakale yadizilo ndi ngolo, n'kumanyamulira alimi ng'ombe kupita nazo kumsika. Orval sankanena, koma mwanayo ankamunyadira. Ndi munthu yekhayo amene ankamulola kukhudza makina ake.

Chaka chimene Orval anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, thiraki ya Darla inayamba kuwira pa Mesquite. Orval anaiboola ndi mtima wake wonse, mizere khumi ndi iwiri mbali iliyonse, n'kupentanso boneti yonse. Sabata yotsatira inawiranso, ng'ombe zisanu ndi zitatu zili m'ngolo, dzuwa lili paliwombo. Darla anaima maola awiri m'mbali mwa msewu akuthira ziwetozo madzi ake akumwa. Bambo ake atamva anati vuto ndi phazi lake, amaponda mafuta ngati akupha njoka, ndipo abweretse boneti awonjezere mizere ina.

Darla sanaibweretse. Anadikira Lamlungu, bambo ake atapita kukaona mpikisano wamahatchi, n'kulowetsa thiraki kwa Rufino. Anawapempha amalume akewo kuti nkhaniyo ithere pomwepo, ndipo Rufino analonjeza.

Kuyambira pamenepo thiraki inkakwera Mesquite osatsokomola n'komwe. Orval anaiyesa ntchito ya manja ake. M'mawa uliwonse pa lesitilanti ya Opal, pomwe amuna a m'tauni amamwera khofi asanayambe ntchito, ankailalikira nkhaniyo mokweza kuti ifike patebulo lapakona pomwe pankakhala Rufino. Ankati mabowo amafuna masiku kuti injini iwazolowere. Ankati pali anthu ena amene moyo wawo wonse angodziwa kutsuka zitini.

Rufino anapirira masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi anabwera ndi botolo lagalasi lodzaza timiyala toyera ngati laimu, n'kuliika pambali pa mbale ya mazira ya Orval.

"Izi ndazichotsa mu rediyeta ya mwana wanu, alamu. Mchere wa madzi a pachitsime. Theka la timapaipi tonse tinali totsekeka. Mabowo anu akanakhala chikwi, thirakiyo ikanawirabe."

Orval anayang'ana botolo, kenako anayang'ana amuna aja. Palibe amene anaseka, ndipo chimenecho ndi chimene chinamupweteka kwambiri, chifukwa anazindikira kuti ambiri mwa iwo ankadziwa kale.

"Wakhudza galimoto ya mwana wanga iwe?"

"Anabwera yekha. Anafuna ikonzedwe."

Orval anamuthira khofi pachifuwa. Rufino anamugwira pakhosi pa malaya, ndipo madoda awiri aimvi anagubuduzana pakati pa mipando mpaka Opal anawatulutsa ndi chokolopera. Orval anatuluka mlomo utang'ambika. Sanapite kuchipatala kapena kugalaja. Analunjika kunyumba kwa Darla ndi sipanala, n'kumasula boneti ya thiraki, mwini wake akuonerera pawindo. Darla atatuluka kudzafunsa, bambo ake anangoti ntchito yawo siikhala pagalimoto ya munthu wachinyengo. Anaikweza m'pikapu yake n'kumapita.

Sabata yathunthu Darla anayendetsa thiraki yopanda boneti, injini ili pamtunda. Anthu ankati Orval tsopano waboola bowo lalikulu kuposa onse. Mawuwo anamufika, ndipo anasiya kupita kwa Opal.

Wilda ndi amene anakatenga bonetiyo. Analowa m'galaja ya mchimwene wake osaodira, n'kumuuza kuti akapanda kuibweza iye adzafotokozera tauni yonse mmene chala chija chinadukira. Koma Darla, boneti itabwerera, sanafune kuti zithere pomwepo. Anali atatopa kukhala chingwe chokokerana. Anadula ulusi wofiira wa azakhali ake wolukira majuzi, n'kumata kachidutswa ndi tepi pakamwa pa bowo lililonse. Kenako anauza amuna awiriwo kuti akwere naye akaone okha komwe mpweya umalowera. Onse anavomera, aliyense ali ndi chikhulupiriro chakuti akukachititsa mnzake manyazi.

Ananyamuka Loweruka masana, ngolo itadzaza mabelo audzu. Vuto loyamba linali pokhala. Aliyense anakana kukhala pakati, mpaka Darla anazimitsa injini n'kupinda manja. Rufino ndiye anagonja, pokhala wamfupi, koma anaika chipewa chake pakati pa ntchafu yake ndi ya mlamu wake.

Anayamba ndi njira yafumbi yopita kumakola, yomwe thiraki imangokwawa. Ulusi wonse unadzuka n'kumavina m'mwamba, ndipo mpweya wotentha unkaoneka ukunyezimira pamwamba pa boneti.

"Mwaona, alamu? Kapena ndikubwerekeni magalasi?" anatero Orval. "Moto wonsewo ukanapita kuti?"

Rufino anati aone kamuvi kosonyeza kutentha, osati zidole zaulusi.

Atalowa mumsewu waukulu, Darla anaponda mafuta. Ulusi wa mizere yakutsogolo unagona chakumbuyo, mpweya ukutuluka bwinobwino. Koma wa mizere inayi yomalizira, ya pafupi ndi galasi, unagwedera pang'ono, n'kupindika, n'kulowa m'mabowo ngati mbewa zothawa. Mphepo yogunda galasi inkakankhira mpweya mkati m'malo moutulutsa. Darla atachepetsa liwiro ulusi unatuluka, atathamanganso unalowanso. Anabwereza katatu.

Orval anayang'anitsitsa ulusiwo. Mizere yomalizirayo ndi imene ankainyadira kwambiri, chifukwa ndi imene dalaivala amaiona ali pampando. Anaiboola pa magalimoto mazanamazana, ena a anthu amene anamwalira kalekale. Sanayambe wakwerapo ndi ulusi kuti aone. Nkhalamba imene inamugulitsa makina aja inkaboola choncho, iyenso anangopitiriza.

Rufino anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwa zaka makumi atatu alamu akhala akulipiritsa anthu kuti awabwezere mpweya m'injini.

Darla anawauza kuti kuyesako sikunathe. Anaima pansi pa Mesquite, n'kumata mabowo onse ndi tepi, n'kukwera chitundacho. Kenako anatsika, n'kumatula tepi, n'kukweranso. Mabowo ali otseka, kamuvi kanakwera pang'ono pamwamba penipeni pomwe thiraki imakwawa, fani yoziziritsa injini inalira kwambiri, ndipo pansi popondapo mapazi panatentha moti Rufino anakweza miyendo. Mabowo ali otsegula, kamuvi kanatsikako kachidutswa kochepa kwambiri, ndipo fani inkapumako. Pamalo othamanga panalibe kusiyana kulikonse.

Anaimika thiraki pamwamba pa chitunda n'kuwauza zimene onse anaziona. Mabowo amathandiza pang'ono galimoto ikamayenda pang'onopang'ono ndi katundu, makamaka akutsogolo. Sangachiritse rediyeta yotsekeka. A pafupi ndi galasi, ukathamanga, ndi achabe.

"Ndiye kuti ndimanena zoona," anatero Rufino.

"Mwanayu wanena kuti amathandiza. Wamva wekha ndi makutu akowo," anatero Orval. Kenako anatembenukira kwa mwana wake. "Koma ulusi wakumbuyowo unaumata mokhota. Anakuuza ndi uyu mamatidwe ake."

"Bambo, munalipo ndikumata."

"Ndinalipo, koma Lamlungu lija sindinalipo."

Anatsegula chitseko n'kutsika. Darla anamupempha kuti akwere, kunja kunali ng'anjo, koma iye anati sangakhale mpando umodzi ndi anthu awiri opangana. Anayamba ulendo wapansi kulowera kutauni. Darla anamutsatira pang'onopang'ono mtunda ndithu, iye osacheuka, mpaka anaimbira foni azakhali ake. Wilda anakamupeza atakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, milomo itauma gwa, ndipo mawu oyamba a Orval anali odandaula kuti mlongo wakeyo wachedwa.

Mwezi wotsatira anthu anaona kuti maboneti otuluka kwa Orval asintha. Mizere inkathera pakati, kutali ndi galasi. Mlimi wina atafunsa chifukwa chake, Orval anati magalimoto amasiku ano ali ndi zitsulo zolimbitsa kumbuyoko zomwe zimaononga mano a makina. Mlimiyo anamukumbutsa kuti pikapu yakeyo inali ya zaka makumi atatu. Orval anamuuza kuti ngati akudziwa kwambiri akaboole yekha ndi msomali.

Ndi Darla anakhala zaka ziwiri osalankhulana. Akakumana pomwetsera mafuta, Orval ankayang'ana mitengo ya dizilo ngati akuiwerenga koyamba. Chinawalankhulitsa ndi matenda a Wilda, chifukwa panafunika kugawana masiku omuperekeza kuchipatala, ndipo ngakhale pamenepo ankangokambirana za maola ndi mankhwala. Za ulusi sanazitchulenso. Wilda anamwalira kumayambiriro kwa dzinja. Kutchalitchi Orval anakhala kumanzere, Rufino kumanja, ndipo Darla anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Rufino sanakhalitse pambuyo pake. Marediyeta atsopano anali apulasitiki, osamatika, ongotaya n'kugula ena, ndipo mawondo ake anali atatha. Anatseka galaja n'kusamukira kwa mwana wake wamwamuna kumzinda. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo pa Orval, galimoto ikulira kale panja.

"Ndikupita, alamu."

Orval sanadzutse mutu pa boneti imene ankaiyeza. "Mutseke paipi yanu ija. Imadontha."

Mbali ya Rufino anaichita lendi mayi wina wosambitsa ndi kumeta agalu, wochokera kumpoto, wansangala, yemwe tsiku loyamba anabweretsera Orval mbale ya makeke. Orval anadya makekewo onse. Lachinayi la sabata yomweyo anali atakadandaula kale kukhonsolo za kuuwa kwa agalu, ndipo mayiyo anali atayamba kuimika galimoto yake motchinga theka la khomo lake.