Bwato Lokhota la Dzanja Lamanzere

Zinayamba ndi munga wa nsomba ya nkolokolo. Unandibaya m'munsi mwa chala chachikulu cha dzanja lamanja ndikutumbula nsomba padooko kwathu ku Makhanga, mwezi wa Febuluwale, madzi atadzaza m'madimba. Mliri wa chimfine chachikulu umene unagwa m'dziko muno unali utangotha kumene. Ndinayamwa pabalapo, n'kulavula, n'kupitiriza ntchito. Kwathu kuno mkazi wodandaula ndi munga wa nsomba amasekedwa, ndipo ine ndinali mmodzi wa osekawo.

Masiku amenewo amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali kuntchito ku minda ya nzimbe ku Zambezi. Amuna anga, bambo a Luwisa, anali komweko. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, amayi tinkakhala pansi pa mtengo wa masawu n'kumapanga makalata. Aphunzitsi a Tomasi ankatilembera mawu, ife n'kumakongoletsa m'mphepete mwa pepala ndi mwaye, katondo ndi madzi a masamba, cholembera chathu chili nthenga. Aliyense anali ndi chizindikiro chake. Mnzanga Malita ankajambula tambala, ngakhale kunena zoona tambalayo ankafanana ndi bakha. Ine ndinkajambula bwato, mkati mwake muli ine ndi ana.

Bambo a Luwisa sadziwa kuwerenga, ndipo sankawakhulupirira owawerengera. Ankati anthu amenewa amabisa maliro poopa kuti munthu angathawe ntchito. Tsiku lonyamuka anandiuza kuti: "Mawu andiwerengera ena, koma bwato ndiwerenga ndekha. Kalata ikadzabwera yopanda bwato lanu, ndidzadziwa kuti mwatisiya." Ananena akuseka, koma ine ndimawadziwa. Atalandira kalata yotero akanathawadi, ndipo wothawa ntchito kumeneko akagwidwa ankamukwapula mpaka kulephera kuyenda.

Patapita masiku ochepa chala chinatupa n'kuyamba kutentha. Ndinamangapo masamba, osasintha. Kenako dzanja lonse linafufuma, kukhwapa kunatuluka mwanabere, thupi linayamba kuzizidwa dzuwa lili phwee. Ndinkabisa dzanjalo m'nsalu. Lamulungu litafika ndinalephera ngakhale kugwira nthenga. Malita anavundukula nsalu ija mosapempha, ndipo ataona anandikalipira ngati mwana. Tsiku lomwelo achimwene ake anatipalasa pabwato kudutsa m'minda yomira, ine ndili chigonere, mpaka kumtunda kumene kunali chipatala cha mishoni.

Tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa odwala malungo ndi zilonda anali ambiri. Adokotala atalipenda dzanja lija anati: "Mayi, mwachedwa. Tiyesa kulipulumutsa, koma sindikulonjeza." Analitumbula pawiri, mafinya n'kutuluka ambiri. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse anamwino ankandiviika dzanja m'madzi ofunda amchere, n'kupaka mankhwala ofiirira oluma kwambiri, n'kumanga nsalu yoyera. Adokotala ankabwera kudzaona ngati kufiira kwakwera kupitirira chigongono. Ndinkaopa, sindinama. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti munthu wonyamula makalata athu anali pafupi kunyamuka, ndipo yanga inalibe bwato.

Malita anabwera ndi pepala, aphunzitsi atalemba kale mawu onse, kuti ndili m'chipatala ndipo ndikupeza bwino. Anati andijambulira iye bwatolo. Ndinakana. Munthu amene tambala wake amatuluka bakha angapusitse bambo a Luwisa? Akanangoona kuti si dzanja langa, n'kuganiza kuti mudzi wonse wapangana kuwabisira maliro. Ndinapempha anamwino kuti andigwirire pepala pabondo, ndinatenga nthenga ndi dzanja lamanzere. Kalanga ine, chimene chinatuluka! Bwato lokhota ngati nthochi, ana mitu ngati maungu. Koma kumchira kwa bwatolo ndinapindako monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo ine ndinadzijambula ndi chidzanja chachikulu chomangidwa, kuti aone okha vuto pamene lili. Amayi a m'chipinda chathu anaseka mpaka kutsokomola. Kalata inapita.

Kufiira kunayamba kutsika pang'onopang'ono. Mwanabere anaphwa, chakudya chinayamba kulowa. Mwezi wa Malichi ukutha, adokotala anati dzanja lapulumuka, koma chala chachikulu chidzakhala chouma. Ndinathokoza Mulungu. Komabe mtima unali m'mwamba, chifukwa sindinkadziwa ngati bambo a Luwisa anali pantchito kapena m'tchire akuthawa.

Yankho linandipeza ndili m'chipatala momwemo. Malita ndiye anabwera nalo. Nditafunyulula ndinaona dzanja. Bambo a Luwisa, munthu amene ankati zojambulazi ndi masewera a akazi, anaika dzanja lawo lamanja papepala n'kulizunguliza ndi khala, zala zonse zisanu. Pansi pake wina anawalembera mawu, anamwino n'kundiwerengera: "Mayi a Luwisa, bwato lakhota koma lafika. Dzanja langa ndi ili, muligwiritse mpaka lanu lichire."

Ndinaika dzanja langa lomangidwa lija pamwamba pa lawo. Ndinalira, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimapalasa bwato, nsomba ndimatumbulabe, koma nkolokolo ndimayamba ndathyola minga. Chala chachikulu sichipindika, choncho nthenga ndimaipanira pakati pa zala zina ziwiri. Bambo a Luwisa anamaliza ntchito yawo bwinobwino n'kubwerera, msana wawo wopanda chipsera. Pansi pa masawu timakumanabe, kujambulira anzathu amene amuna awo akadali kutali, ndipo tambala wa Malita sanasinthe.

Amayi anzanga a m'madambo muno, bala likayamba kutentha ndi kutupa, musalibise m'nsalu poopa kusekedwa. Pitani msanga, ngakhale madzi atatsekereza njira, bwato lipezeka. Ine ndinatsala pang'ono kutaya dzanja, ndiponso kuwaika amuna anga pachikwapu, chifukwa cha kamunga ka nsomba. Pepala lawo lija ndinalisunga m'dengu la nsalu zanga za kutchalitchi. Lathetheka m'mapindo, koma zala zonse zisanu zikuonekabe.