Mayi Wotsuka Mbale za Radara

Mayi amene timachita nawo lendi mpanda umodzi ku Gugulethu salola munthu kuwatchula wokolopa. "Ine ndimatsuka mbale za radara," amatero, chibwano m'mwamba.

Mbalezo si zodyera, ndi zadongo loyera za m'makina ounikira zinthu zakutali, ndipo kumene amagwira ntchitoko mafunde amphamvu a maikulowevu amadutsa m'mbalemo poyesa makinawo. Mayiwo amafotokoza ngati anapita ku yunivesite. Amati pambalepo pakatsala kadontho ka mafuta, ngakhale a m'zala, elekitironi imodzi ikamenya mbale imatulutsa ziwiri, ziwirizo zinayi, mpaka moto kubuka, mbale n'kung'aluka. N'chifukwa chake sazigwira opanda magolovesi.

Tsiku lina mbale ina inapsa n'kusweka, ndipo injiniya wamkulu anawakalipira pamaso pa onse kuti sanatsuke bwino, atenge chikwama azipita.

Mayiwo sanasunthe. Anatola chidutswa chopsacho n'kuchiyandikiza pa nyali. Chidindo cha chala chamanthu chinali chitapserera pomwepo, chotambalala ngati supuni. Anavula golovesi n'kuika chala chawo chowonda pambali pake.

"Changa ndi ichi, bwana. Tabweretsani chanu."

Bwanayo analowetsa manja m'thumba. Mpaka lero akamadutsana ndi mayiwo, manja amakhala momwemo.