Tsiku lomwe ndinaponda pa Mbenji

Inu owerenga, ine ndine mayi yemwe mwana wake akuleredwa ndi anthu ena pomwe ndili moyo. Ndimadwala matenda a maganizo omwe achipatala amawatchula kuti bayipola. Matendawo ndi olemera, koma chomwe chinandilanda banja ndi mwana n'chakuti tinawabisa.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho ndinakulira kwa agogo anga aakazi m'mudzi wina wa asodzi kuno ku Senga Bay. Agogo ankayanika usipa n'kumagulitsa. Ine ndinali mwana wofatsa, wokhala kumbuyo kwa gulu n'kumangoyang'ana. Wamasiye amaphunzira msanga kuona nkhope za anthu, kuti adziwe khomo lomwe amulandira ndi khomo lomwe akuti wadzera chakudya.

Ndinayamba kudwala ndili ku sekondale. Tulo tinatha koma sindinkatopa. Ndinalowa kwaya, ndinkatsutsana ndi aphunzitsi, ndinkaseka ndi aliyense. Anthu anakondwa. Amayi a kumpingo ankauza agogo kuti mwana uja wamasuka tsopano, chisoni cha amake chamuchoka. Palibe anaganizako za matenda mpaka tsiku lomwe ndinagawira anthu odutsa usipa wonse wa agogo, ndikunena kuti nyanja yonse ndi yanga.

Anandigoneka kuchipatala cha pa boma. Adokotala sanabise. Anati matendawa satheratu, amamukweza munthu m'mwamba kenako n'kumugwetsera m'chisoni chachikulu, ndipo amabwerera ukasiya mankhwala. Kugwako kunabweradi. Ndinakhala m'nyumba nyengo yonse ya dzinja, kusamba kokha kukundikanika. Sukulu inathera pomwepo.

Ndi mankhwala ndinakhala bwino zaka zingapo. Agogo anali atadziwa zizindikiro. Akangoona ndikusesanso pabwalo pomwe ndasesa kale, ankandifunsa kuti, "Iwe, unagona?" Ndikazengereza kuyankha, mawa lake tinkakwera kabaza kupita kuchipatala.

Kenako panabwera mwamuna wondifunsira, msodzi wogwira ntchito m'boti la munthu wina ku chilumba cha Mbenji. Anali munthu wabwino, zimenezo sindingamunamizire. Ndinafuna kumuuza. Agogo ndi amalume anandikhazika pansi.

"Ukangotsegula pakamwa, wapita ameneyo," anatero agogo. "Wamasiye, wamisalanso, angakutenge ndani? Ine ndikafa udzatsamira kuti?"

Pa chinkhoswe, ankhoswe a kuchimuna anafunsa ngati kwathu kuli nthenda ina iliyonse yoti adziwe. Amalume anaseka n'kunena kuti mwanayu chimfine chokha ndicho amachidziwa. Ine ndinali pomwepo, nditaweramitsa mutu monga amachitira mkwatibwi waulemu. Anthu anandiyamikira kufatsa.

Agogo anamwalira ukwati usanathe chaka. Munthu yekhayo wodziwa kundifunsa ngati ndagona anapita.

Poyamba ndinkapitabe kukatenga mankhwala, ndikunama kuti ndikupita kumsika. Koma tsiku la odwala maganizo timakhala pamzere pakhonde, poonekera. Mayi wina wogulitsa nsomba wa m'mudzi mwathu anandiona n'kundifunsa kuti ndabwera ndi ndani. Ndinati ndikudikira mnzanga. Sindinapitekonso. Nditatenga pakati, anamwino a ku sikelo anandifunsa ngati pali mankhwala omwe ndinkamwa. Ndinati ayi. Mimba yonse ndinali bwinobwino, mpaka ndinayamba kuganiza kuti adokotala aja anangondiopseza.

Ndinabereka mwana wamkazi, Zione, nthawi yomwe bambo ake anali ku Mbenji. Alamu anga, mlongo wa amuna anga, anabwera kuchokera ku Chitala kudzandithandiza, ndipo mwana atatuluka m'chikuta anabwerera kumunda kwawo. Ndinatsala ndekha. Tulo tinathanso. Ndani akanadabwa? Mayi wa khanda sagona, aliyense amadziwa. Ndinkachapa zovala zathu, ndikatha ndinkapempha za aneba, ndikuimba. Amayi a m'mudzi ankandiyamikira kuti ndine wamphamvu, ena akabereka amangogona.

Kwa inu osadziwa kuno, pa Mbenji pali lamulo lakalekale. Mkazi saponda pachilumbapo. Asodzi amakhulupirira kuti kuswa lamuloli kumaputa mizimu ya pamalopo. Ndinakula ndikulidziwa ngati dzina langa. Koma masiku amenewo m'mutu mwanga munadzaza chinthu chimodzi, chakuti Mulungu wandionetsa pomwe nsomba zonse za m'nyanja zabisala, ndipo ndiyenera kukauza amuna anga ndekha. Sindinkakayika ngakhale pang'ono. Matendawa kuipa kwake n'komweko, sumva ngati ukudwala, umamva ngati ndiwe wekha amene wadzuka.

M'mawa wina ndinavala buluku la amuna anga, jekete lawo ndi chipewa. Zione ndinamugoneka pamphasa n'kutseka chitseko. Ndinkakhulupirira kuti angelo amuyamwitsa. Ndinakafika kudoko lomwe maboti a ku Mbenji amanyamukira n'kukwera pakati pa azibambo okagula nsomba. Palibe anandiyang'ana kawiri.

Titafika ndinatsika, ndinavula chipewa n'kuyamba kufuula dzina la amuna anga. Azibambo omwe ankasoka maukonde anasiya. Mkaka unali utanyowetsa jekete lonse kutsogoloku. Amuna anga anatulukira pagulupo, anandiyang'ana nkhope, kenako jekete lija.

"Mwana ali kuti?"

Ine ndinaseka. Izi ndimazikumbuka bwino, ndipo palibe mankhwala ozifufuta.

Zione anapulumuka chifukwa cha neba wathu, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa. Anamva kulira kosatha, anagogoda, kenako anathyola chitseko. Anamupeza mawu atatha, milomo itauma. Anathamanga naye kuchipatala.

Amuna anga anawachotsa pachilumba chaka chimenecho, ndipo mwini boti sanawafunenso. Ine ndinakhalitsa m'chipatala. Nditatuluka, ankhoswe anakhala pansi. Achimuna anafunsa amalume chifukwa chomwe anabisira. Amalume anayala manja n'kunena kuti nawonso akudabwa, zimenezi anali kuzidziwa ndi malemu agogo okha. Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa pabwalo.

Kwathu kuno mwana amakhala wa kuchikazi. Koma mwambo umafuna munthu woimirira n'kuunena. Ine ndinalibe mayi, ndinalibe mchemwali, ndipo amalume anali atayamba kale kufunsa za basi yobwerera. Anagamula kuti Zione apite ku Chitala kwa alamu anga mpaka nditachira. Mawu akuti "mpaka utachira" ndi ankhanza kwa munthu wa matenda osatheratu.

Amuna anga sanandinyoze. Pochoka anangoti, "Ukanandiuza, mwina ndikanakhala, mwina ndikanapita. Koma ndikanadziwa kuti sindingakusiye wekha ndi khanda."

Kenako kunabwera kugwa kuja, kozama kuposa koyamba. Ndinafika poganiza zodzichotsa padziko. Neba uja ndiye anandikoka dzanja kubwerera kuchipatala. Kumeneko anamwino anandiuza zomwe zimandiwawa mpaka lero. Anati ndikanaulula ku sikelo, akanaona mankhwala oyenera mayi woyembekezera, ndipo akanandiyang'anira kwambiri nditangobereka, chifukwa nthawi imeneyo ndi yomwe matendawa amakonda kubwerera mwamphamvu.

Tsopano papita zaka ndikumwa mankhwala osadumphitsa. Ndimayanika usipa monga agogo. Ndanenepa, ndimaiwalaiwala, m'mawa mutu umalemera. Matenda anayesa kubwerera kamodzi, koma neba uja ndinamuphunzitsa zizindikiro, ndipo anandiperekeza msanga zisanafike poipa. Munthu atha kukhala ndi moyo wabwinobwino ndi matendawa, ndine mboni. Chomwe sichichira ndi mbiri. Mphepo ya mwera ikawononga maukonde, anyamata a kudoko amandifunsa moseka ngati ndinapitanso ku Mbenji. Ndikaseka kwambiri pagulu, amayi amayang'anizana.

Zione anayamba sukulu. Bambo ake anakwatira kwina. Ndimaloledwa kukamuona ku Chitala, koma alamu sachoka pakhonde ndikakhalapo. Mwanayo amawaitana iwo kuti amayi, ine ndine anti a kunyanja. Ulendo wathawu ndinalimba mtima n'kupempha kuti holide ino abwere adzakhale nane, ngakhale masiku ochepa. Ndinanena kuti neba wanga azidzagona nafe, ndipo achipatala akhoza kuchitira umboni kuti ndili bwino.

Alamu anapitiriza kutong'ola chimanga. "Alamu, ife sitikaniza. Mufunseni mwini wakeyo."

Ndinamufunsa. Anaganiza kaye, akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo.

"Kunyanja ndikufuna," anatero. "Koma amayi apita nawo?"

Alamu anati iwo ali ndi zokolola. Zione anati ndiye basi, adzapita ulendo wina. Anandiperekeza mpaka pamsewu, anandipatsa moni wa manja awiri monga amachitira kwa mlendo, n'kuthamangira kwawo.

Inu owerenga, ngati muli ndi matendawa, musasiye mankhwala chifukwa mwayamba kumva bwino. Kumva bwinoko ndi ntchito ya mankhwalawo. Ngati mukufuna mwana, kambani ndi achipatala mimba isanabwere, ndipo ku sikelo musaname. M'nyumba mwanu mukhale munthu wodziwa kuti mukasiya kugona, pavuta. Ndipo mukaona munthu wofatsa wasanduka wolongolola mwadzidzidzi, osagona, osatopa, musathamangire kuombera m'manja. Mufunseni bwinobwino.

Inunso agogo, amalume ndi ankhoswe, musaphunzitse mwana kubisa nthenda kuti ukwati utheke. Tsiku loipa likadzafika inu mudzakhala kumanda kapena pa depoti ya basi, mlandu adzausenza yekha. Akanandisiya mwamuna uja nthawi ya chibwenzi, ndikanalira n'kuiwala. Lero ndili ndi mwana yemwe amafunsa kaye kwa mayi wina asanavomere kugona m'nyumba mwanga.