Mkamwini Wanga ndi Mabenchi Aafupi

Mkamwini wanga ndi kalipentala. Shedi yake ili kuseri kwa garaja ya magalimoto, pafupi ndi ngalande, ndipo malowo ndinamupezera ndine. Ine ndinali womanga nyumba mpaka msana unandikaniza. Ntchito ya manja ndimaidziwa, ndipo ndikati munthuyu amatha sindikumukometsera. Chitseko chake sichikhula pansi. Tebulo lake siligwedera. Kulankhula kokha ndiko sanapatsidwe. Mwana wanga ankati anakwatiwa ndi munthu woti ukamufunsa Lolemba amayankha Lachitatu.

Mpingo wathu unakonza zotumiza gulu kunja kwa dziko, kukathandiza Akhristu ena amene madzi osefukira anawagwetsera tchalitchi ndi kachipatala. Abusa anafuna namwino, aphunzitsi, oimba ndi munthu wodziwa matabwa. Iye sanadzipereke yekha. Mkazi wake ndiye anamugunda ndi chigongono m'tchalitchi mpaka anakweza dzanja. Ndanena zimenezi kuti mwana wanga asaoneke ngati analibe mbali.

Anapita kuzizira kukuyamba, anabwera kutatentha. Tinakamulandira ku depoti. Anali atawonda, chikwama chili chopepuka, bokosi la zida palibe. Nditafunsa anati anazisiya kuja kwa mnzake: sowo, hamala, tchizulo, ndi chopalira matabwa chimene ine ndinamupatsa atangokwatira. Anzake a m'gulumo anasiya malaya ndi nsapato. Iye anasiya zimene amadyera.

Lamulungu abusa anawapatsa mpata kutsogolo. Namwino analankhula bwino, anthu anawomba m'manja. Oimba anaimba nyimbo ya chilankhulo cha kumeneko. Itafika nthawi yake anagwira maikolofoni ngati yotentha, anati anthu a kuja akupereka moni, ndiye anangoima. Tinadikira. Mkulu wa mpingo anayang'ana wotchi, kwaya inayamba nyimbo. Panja anthu anamufunsa ngati m'ndege muli chimbudzi, ena anafunsa zimene wawatengera. Amakanika a pa garaja anamutcha Amishoni, ndipo dzinalo linakhazikika.

Ntchito anayambiranso ndi zida zobwereka. Tsiku lina ndinadutsa pa shedi. Ndinamupeza akupala thabwa lalitali. Atafika kumapeto anaima, nayang'ana tsidya la tebulo, kumene kunalibe munthu. Ndinakhala pa chitini cha guluu ndi kumufunsa kuti akudikira ndani.

Tsiku limenelo analankhula kuposa chaka chonse chapitacho. Anati kuja ankagwira ntchito ndi bambo wina wa komweko amene nyumba yake inapita ndi madzi. Dzina lake linamuvuta kutchula, choncho ankangomuti Wamanzere, poti hamala ankagwira ndi dzanja lamanzere. Chilankhulo sankamvana ngakhale pang'ono. Akakhala pa denga ankagogoda mtanda ndi hamala, winayo n'kudziwa kuti akweze kapena atsitse. Masana ankadya mbale imodzi atakhala pa matabwa. Dzuwa likapendeka gulu lonse linkasonkhana pabwalo kupemphera, aliyense ali ndi fumbi lofanana ndi la mnzake, ndipo amayi a komweko ankabwera kudzaona pamene denga lafika.

"Kuja, bambo, ndikakhoma msomali ndimadziwa kuti wina agona pouma. Kuno ndikupanga kabati yoikapo TV."

Ndinamuuza kuti kabati ya TV ndiyo imagula yunifolomu ya mwana wake. Anavomera ndi mutu. Amavomera chilichonse ndi mutu.

Kunyumba ndiye kunavuta. Sankamenya munthu, sankamwa, sankachedwa panjira. Akanakhala wotero tikanadziwa pogwira. Mkazi wake akati mpopi ukudontha, iye ankati kuja anthu amatunga kutali. Akati nsapato za mwana zathina, ankati kuja ana amayenda opanda. Akati malata a pamwamba pa bedi la mwana aboola ndipo mvula yayandikira, ankati kuja ena alibe ngakhale denga. Ankanena mofatsa, ngati munthu wopepesa maliro, ndipo kufatsako ndiko kunkawawa. Pa chakudya ankapemphera motchula maina achilendo limodzilimodzi mpaka tiyi kuzizira. Foni ankaiyang'ana pafupipafupi. Kumeneko netiweki njovuta, ndipo Wamanzere analibe foni. Chimene ankayang'ana ndi chithunzi chimodzi chomwecho cha denga losatha.

Mwana wanga anabwera kwathu masana ena, mayi ake atapita ku msika. Anakhala pa mpando wa pakhomo osavula nsapato.

"Ababa, munthu uja sanabwere. Chinabwera ndi chikwama."

Ndinati apirire, zimatha. Anati wapirira. Anati atamva kuti ndi mkazi wina akanadziwa chochita, koma sangalimbane ndi dziko lonse limene sanalionepo, lodzaza ndi anthu abwino okhaokha. Anati wasiya kudandaula chifukwa akatsegula pakamwa amaoneka ngati wosayamika Mulungu. Pomaliza anati zikapitirira chonchi atenga mwana n'kubwerera kuno, chipinda chake chakale ndichotsemo njinga. Mwana wanga saopseza. Anatengera ine.

Masiku omwewo mpingo unafuna mabenchi atsopano a mbali ya kumanja, ndipo abusa anati ntchitoyo apatsidwe Amishoni ngati njira yomuthokoza. Aka kanali koyamba kumuona akugwira ntchito ndi mtima chibwerere. Ankafika pa shedi amakanika asanatsegule. Ankaimba chapansipansi. Ndinaona kuti tepi sakuigwiritsa ntchito. Ankayeza ndi kandodo kena kosalala, kokhala ndi mizere yocheka ndi mpeni. Anati ndi kamene ankayezera mabenchi kuja, mizereyo anacheka ndi Wamanzere, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anabwera nacho. Ine ndinaona miyendo itaunjikidwa pakona, ndinaganiza kuti ndi ya timipando ta ana. Sindinafunse.

Anthu a kuja anazolowera kukhala pansi. Amayi achikulire a kumeneko ndiwo anapempha kuti mabenchi akhale otsika. Izi ndinazimva pambuyo pake.

Mabenchi anafika Loweruka, opakidwa vanishi, okongola ndithu. Lamulungu mkulu wa mpingo, munthu wathupi ndiponso wa mawondo ovuta, anati akhale woyamba. Anatsika, anatsikabe, mpaka anafika ndi phokoso, mawondo ali pafupi ndi chibwano. Amayi a masiketi anayamba kukoka nsalu. Abusa atati tiimirire tiimbe, mpingo wonse unaima kupatula mkulu uja. Anayesa kutsamira ndodo, ndodo inatsetsereka. Anachita kumukoka amuna awiri, wina dzanja ili wina ilo. Kwaya inalephera kumaliza ndime.

Panja mkuluyo anamuitana anthu akumva.

"Amishoni, takulakwirani chiyani? Munatiyesa a sukulu ya mkaka?"

Anthu anaseka, iyenso mkuluyo anaseka. Ikanathera pomwepo. Mkamwini wanga akanangoti pepani, ndikonza. Koma anaima chilili, nkhope ili bwinobwino, n'kunena kuti kuja ndi mmene amapangira.

Ndinaona mwana wanga akugwira dzanja la mdzukulu wanga n'kutuluka pa geti. Pofika madzulo anali kwathu ndi zikwama. Njinga ndinaichotsa.

M'mawa mwake ndinapita ku shedi. Mabenchi anali atabwezedwa kale, atasanjikizidwa mpaka ku denga. Iye anali atakhala pa limodzi, ndipo kunena zoona linkamukhala bwino. Ndinamuuza kuti ntchito yake ilibe cholakwika, kungoti anayeza anthu amene kuno kulibe. Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene mkazi wake wagona. Anati akudziwa.

Kenako anayamba za chitseko. Anati tsiku lonyamuka linafika chitseko cha kachipatala asanachiike. Anachisiya chotsamira khoma. Anati chimamubwerera m'mutu nthawi zonse, kuti mvula ikachipeza pomwepo chipindika, ndipo amayi oyembekezera azigona mphepo ikulowa. Anati abusa anena kuti chaka chamawa gulu lina lipitanso.

"Akamwini, Wamanzere uja ali ndi sowo wanu, hamala yanu, ndi chopalira changa. Mukuganiza kuti akudikira inu?"

Ndinkaganiza kuti ndamupepuza mtima. Sizinali choncho. Nkhope yake inagwa ngati ndamuuza za maliro.

"Anaika," anatero. "Ayenera kuti anaika sabata yomweyo."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Chitsekocho sichinkamuwawa chifukwa chosaikidwa. Chinali chomwe chinkamusungira malo kumeneko. Ine sindine mbusa, mawu ofewa ndilibe. Ndinangomuuza kuti kunyumba kwake kulibe Wamanzere, ndipo malata a pa bedi la mwana sakonza wina aliyense. Kenako ndinamupempha tepi. Anaifunafuna, anaipeza pansi pa utuchi.

Miyendo yonse tinachotsa n'kudula ina. Matabwa anagula yekha, mpingo sanaupemphe. Ine ndinkagwira mbali imodzi ya thabwa mmene msana unkandilolera. Nthawi zina ankagogoda ndi hamala n'kudikira, ine osadziwa kuti ndikweze kapena nditsitse, ndiye ndinkamuuza kuti ine pakamwa ndili napo, anene. Amakanika ankasuzumira kufunsa ngati Amishoni alapa.

Kwathu sanabwere msanga. Mayi ake a mwana wanga ankafuna kuti ndikamutenge. Ndinakana. Mwana wanganso anati sabwerera chifukwa cha mawu, mawu abwino wamva okwanira. Ankadzuka, kuperekeza mwana kusukulu, kupita ku ntchito yake ya m'sitolo, kubwera. Ndinkamuona akuyang'ana ku geti galimoto ikaima.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu. Itangokata tinamva kugogoda. Anali iye, atanyowa mpaka m'nsapato, dzanja litamangidwa kansalu pamene lata linamucheka. Anapereka moni kwa ine ndi apongozi ake, n'kukhala m'mphepete mwa mpando kuti asanyowetse. Tinkadikira kupepesa. M'malo mwake anayamba kukalipa. Anati wogulitsa malata anamupatsa opyapyala ngati pepala, anati misomali ya masiku ano imapindika ukangoiyang'ana, anati mvula yamupeza ali pa denga ndipo matiresi a mwana anyowa theka. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Nanga ndowa yaikulu ija munaika kuti? Ndafuna nyumba yonse."

"Ili pamene imakhala."

"Palibe."

"Mukanakhala kuti mumakhala m'nyumbamo mukanaiona. Ili kuseri kwa chitseko cha kubafa."

"Ndani amaika ndowa kuseri kwa chitseko?"

Anakangana m'chipinda changa chochezera, za ndowa, za mpopi, za amene anataya kiyi wa kabati. Mawu oti kuja sanatuluke. Mkazi wanga anafuna kulowererapo, ndinamugwira mkono. Atatopa, mwana wanga analowa kuchipinda. Ndinamva zipi ya chikwama. Anatuluka n'kumuuza kuti anyamule chachikulucho ndi dzanja labwinolo, ndipo asayerekeze kudonthezera magazi pa yunifolomu ya mwana.

Chaka chotsatira gulu linapitadi. Abusa anamufunsa, iye anati apite wina, ndipo anapita kalipentala wa mpingo wa tsidya la msewu. Mkamwini wanga anawanyamulira katundu mpaka ku depoti. Basi itachoka anthu onse anabalalika, iye anatsala. Ine ndinali pa benchi ya odikira, chifukwa miyendo yanga siithamanga. Patapita nthawi anabwera kudzakhala pambali panga. Ndinamufunsa ngati zinatha.

"Ayi, bambo. Ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndadabwa kuti ndili kuno."

Ndinati zimenezo asamamuuze mkazi wake tsiku lililonse. Anati safunika kuuzidwa, amaona yekha.

Mwana wanga amati alipo masiku amene bamboyo amangoti zii kuyambira m'mawa. Masiku otero amamuikira tiyi n'kumusiya. Alipo masiku ena amene amamufunsa, ndipo iye amanena pang'ono: mtundu wa dothi la kumeneko, kalombo kena kamene kankadya matabwa, mmene amayi ankasekera iye akayesa kupereka moni. Amati sizikwana, koma amamvetsera. Mwana wangayo akadandaula za nyumba bamboyo amayankha, nthawi zina mokwiya. Akadali limodzi. Mdzukulu wanga wachiwiri akuyamba kuyenda.