Ndinadya mazira a Tiyamike

Loweruka lapitali ndinadya mazira atatu omwe sanali anga. Musathamangire kupolisi, sindinabe. Anachita kundiikira patebulo, madzi osamba m'manja anandithirira atagwada. Koma mpaka lero mazirawo adakali pakhosi.

Mchemwali wanga Esinati anakwatiwa ku Nathenje, ndipo panali patatha miyezi isanu ndisanapondeko. Ine ndi mayi a kunyumba, Nambewe, tinanyamuka pa Mitundu m'mawa, ine nditakolekera jumbo ngati malume wodziwa udindo wake: buledi, botolo la sikwashi ndi masiwiti a mwana wawo Tiyamike, wa zaka ziwiri ndi theka.

Tinamupeza Tiyamike ali phee pamkeka. Ndinamunyamula. Masaya odzaza, timapazi tonenepa, khungu lochita kung'anima.

"Koma ndiye wanenepatu mwanayu. Alamu, mukumudyetsa chiyani?" ndinafunsa bambo ake, a Gwaza.

Alamu anaseka monyadira. "Fodya sanatichititse manyazi chaka chino. Pano tiyi ndi buledi sizisowa."

Nambewe sanaseke nawo. Ine ndinangoti mwina watopa ndi mabampu a pamatola.

Masana kunabwera mbale ya mazira anayi okazinga ndi tomato, onse a mlendo. Ndili pa lachiwiri, Tiyamike anadzikoka pamkeka paja n'kudzatambasula kadzanja.

"Iwe, choka apo, amenewo ndi a amalume," anatero Esinati.

"Musiyeni alaweko," ndinatero ine, m'kamwa muli tho.

"Ayi achimwene, mwaiwala? Ana sadya mazira. Amagwa khunyu."

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga. Ana anga atatu amadya mazira chiyambire, ndipo palibe anagwapo, kupatula wachiwiri uja amene anagwa mumtengo wa mango. Ndinkadziwa bwino kuti za khunyuzo ndi zongotiopseza zomwe tinakula nazo. Koma mlendo satsutsa eni khomo, komanso, tinene zoona, mazirawo anali okoma. Ndinatenga lachitatu. Mwana anabwerera ku kapu yake ya sikwashi.

Ndisanafike pa lachinayi, Nambewe anandiitana kukhonde kumene amadyera amayi. Anali atamukhazika Tiyamike pamiyendo.

"Bambo a Chifundo, tabwerani muone."

Anadina ndi chala chachikulu pamwamba pa phazi la mwanayo, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje, ndipo sikanabwerere msanga.

"Uku si kunenepa, ndi kutupa," anatero. "Taonaninso tsitsili mmene lafiirira. Amake Tiya, kodi kusikelo munapita liti?"

Esinati anawerama. Khadi linatuluka pansi pa sutikesi. Mwana anakwezedwa sikelo komaliza nthawi yowokera fodya. Kuchokera apo kunali kupalira, kuthyola, kusoka, kusankha, ndipo nthawi ya sikelo inasowa.

"Nanga amadya chiyani?"

"Amadya ndithu alamu, sagona ndi njala. M'mawa phala la ufa woyera, shuga sitimana. Masana nsima ndi msuzi."

"Mtedza munakolola uja?"

"Mavenda anatenga wonse."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha. Ine mphunzitsi wathunthu, amene ndimaimbitsa ana a Sitandade 4 za zakudya za magulu atatu, ndinali nditayamikira matenda kuti ndi thanzi.

Koma musandiseke ndekha, abale. Tiyeni tiyang'ane m'mbale zathu.

Panyumba ya alamu panali nkhuku zisanu zoikira. Kuseri kwa bafa papaya anali atabereka mpaka kupsera mumtengo, mbalame zikuchita phwando. Nkhwani m'dimba, bonongwe pachulu, nyemba m'thumba. Njala panalibe. Chomwe chinalipo n'chakuti chakudya chabwino chinali ndi eni ake: dzira la mlendo, nthutumba ya bambo, mtedza wa venda. Mwana, amene thupi lake likumangidwa kumene, ndiye wa msuzi.

Kodi ndi ku Nathenje kokha? Pitani pamsika wa Mitundu tsiku la msika mukaone. Mayi afika ndi mazira m'kambale, agulitsa, pobwerera anyamula masikono ndi chakumwa cha m'botolo, ati mwana akasangalale. Bambo akagulitsa fodya, mgaiwa umasanduka chakudya cha akaidi, chisoso n'kukhala ndiwo za amphawi. Timayesa kuti chogula m'golosale chimaposa chothyola kuseri kwa nyumba. Jumbo yanga ija ndi mboni.

Masiku ano aliyense pakamwa ndi matipate. Tinavota kuti chipani chimodzi chatikwana. Koma m'mbale ya mwana chipani chidakali chimodzi, chimanga, m'mawa, masana ndi madzulo, popanda wotsutsa.

Chonsecho nkhani yake si yovuta. Chimanga, mbatata ndi chinangwa zimapereka mphamvu, ndipo apo pokha sitilakwa. Koma thupi limamangidwa ndi nyemba, mtedza, mazira, usipa, ngakhale ngumbi zomwe. Masamba ndi zipatso ndiye alonda oletsa matenda kulowa. Mwana wamng'ono mimba yake ndi yaing'ono, sangadikire kuti adye kawiri patsiku ngati tenanti. Amafunika kudya pang'onopang'ono koma kangapo, phala lake la mgaiwa lothira nsinjiro, osati madzi oyera otsekemera. Palibe chofunika kukwerera basi kupita ku Lilongwe pamenepa.

Nambewe sanalole kuti tidikire Lolemba. "Pofika potupa, dzira lokha silingathandize. Tiyeni kuchipatala lero lomwe," anatero. Alamu anayamba za fodya amene anali asanamange mabelo, koma atadina okha phazi lija n'kuona kadzenje, anakatulutsa njinga.

Tiyamike anamugoneka. Anamwino anati tachita bwino kufika naye adakali ndi mphamvu zomeza, ndipo anamuyamba ndi mkaka wawo wapadera. Ndinapitako Lachinayi kukazonda. Masaya aja aphwa, mwana akuoneka wowonda kuposa Loweruka, koma maso ayamba kuyendayenda, ndipo anandilanda cholembera m'thumba. Sindinasangalalepo chotere ndi mwana wowonda.

Ndili pomwepo alamu anatulukira, thukuta lili kamukamu, atafumbata kansalu. Munali mazira awiri owiritsa.

"Anamwino akuti tsopano akhoza kumalawa," anatero motsitsa mawu. "Koma alamu, za khunyu zija n'zabodzadi?"

"Chifundo wanga ali Fomu 1, ndipo mazira amene wadya angadzaze ngolo," ndinayankha.

Anasenda limodzi n'kumunyemera mwana wawo. Kenaka, poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi, anatembenuka n'kundipatsira linalo ndi manja awiri.

"Alamu, nali lanu."

Ndinakana. Anga ndinadya kale Loweruka, atatu, ndipo onse anali a Tiyamike.

Nanga kwanuko, nkhuku yatetera m'mawa uno ija, dzira lake adye ndani?