Kiyi wa Kabati ya Mfuti ya Adadi

Ndikukumbukira fungo la mafuta opaka matabwa m'khitchini mwathu ku Romford, Loweruka lililonse masana. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Adadi ankayala nyuzipepala zakale patebulo, n'kukwera kuchipinda cham'mwamba, n'kutsika atafukata mfuti yawo ngati khanda. Inali mfuti ya asilikali a ku Britain ya nthawi ya nkhondo yaikulu, yakale kuposa eni akewo, yaitali, yolemera, thabwa lake lakuda bii ndi thukuta la anthu amene sitidzawadziwa. Pachitsulo pake panali kachidindo ka chisoti cha mfumu, ndipo ine ndinkakonda kukakanda ndi chikhadabo.

Kwathu ku Limbe adadi anali mmisiri wa zitsulo, ankakonza injini za sitima. Titabwera ku London, amami anapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu, koma adadi mapepala awo a umisiri palibe anawayang'ana kawiri. Anakalowa ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa azigogo. Sankadandaula. Koma manja awo sankakhazikika: chitseko chabwinobwino ankachimasula kuti achimangenso. Tsiku lina mwana wa gogo wina amene ankamusamalira anawatenga kukalabu ya anthu owombera chandamale. Anapitako miyezi yambiri, akuluakulu a kalabuyo anawakhulupirira, apolisi anawapatsa chiphaso, ndipo anagula mfuti ija kwa wogulitsa wovomerezeka.

Mpope wake anausintha ndi katswiri wa kukalabu, kuti izilandira tizipolopolo ting'onoting'ono ta mpikisano. Zina zonse anachita okha. Malo opindika pathabwa ankawaphimba ndi kansalu konyowa n'kudinda ndi ayironi ya amami, nthunzi ili fuu, mpaka thabwa litafufuma. Amami atapeza zipsera za mafuta pa yunifolomu yawo, nkhani inatha sabata yathunthu. Kenako ankapala ndi sandipepa, n'kudontheza mafuta padzanja, n'kumasisita pang'onopang'ono uku akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Kachitsulo koonera chandamale, kokhala ndi kabowo ngati ka singano, anakakhuza ndi tupa milungu itatu kuti kakhale bwino. Pa nthawi ngati zimenezi nkhope yawo inkasintha, ndipo ine ndinkawaona adadi amene ndinali ndisanawaonepo.

Amami ankawaseka. Ankati mlenje wa nyumba ino ndi wodabwitsa, amapita kokasaka n'kubwera ndi mapepala obooka, ngakhale nkhunda imodzi osaioneka. Koma mapepalawo ndi amami omwewo amene ankawamata pa filiji, pafupi ndi zojambula zanga za kusukulu.

Mfutiyo inkagona m'kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, monga lamulo limafunira. Kiyi wake ankakhala kumene makiyi onse a m'nyumba mwathu ankakhala: m'chikwama cha amami, pa kachingwe kofiira. Zinali choncho kuyambira ku Limbe, chifukwa adadi akanatha kutaya ngakhale chitseko chenichenicho. Loweruka amami asananyamuke kupita ku ntchito, adadi ankangoti, "Mayi a Tadala, kiyi uja," amami n'kumasula. Apolisi anali atawauza pachiyambi pomwe kuti munthu wina aliyense asadziwe pamene pali kiyi, ndipo adadi anavomera ndi mtima wonse. Kungoti kwa iwo mkazi wako sanali munthu wina.

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa mfuti zakale, ndipo kwa nthawi yoyamba kalabu inasankha adadi kuti akaiimire. Anapemphanso chilolezo chogula mfuti yachiwiri, choncho wapolisi woona za ziphaso anayenera kudzayendera kabati. Ife tinakonzekera ngati kukubwera abusa. Amami anasinthana tsiku la ntchito ndi mnzawo, anakolopa, anakazinga mandasi. Ine anandikumbutsa malamulo a mlendo: upereke moni, usakhale duu, ndipo wamkulu asadzuke kukatenga chinthu iwe uli pompo.

Anabwera bambo wachikulire wa imvi, wosavala yunifolomu, atanyamula faelo. Anamwa tiyi, anadya mandasi awiri n'kuwayamikira. Anacheza ndi adadi za mipope ndi zipolopolo mpaka adadi anayamba kuseka mokweza, chinthu chimene sankachita pamaso pa azungu. Kenako mlendoyo anati tiyeni tikaone kabati. Adadi anaimirira, anagwira thumba ili, anagwira linalo. M'chipwirikiti cha m'mawa uja anali ataiwala kupempha kiyi.

Apa ndi pamene ine ndinaona mwayi wosonyeza kuti ndinaleredwa. Ndinadumpha n'kumuuza mlendoyo, m'Chingelezi changa chosalala cha kusukulu, kuti asadandaule, kiyi amasunga ndi amami nthawi zonse chifukwa adadi amataya zinthu. Ndinathamangira kukhitchini. Amami anapukuta m'manja, anamasula kiyi pa kachingwe, anabwera pabalaza, n'kuwapatsa adadi ndi manja awiri atapinda maondo pang'ono.

Munthu uja anayang'ana kiyi, anayang'ana amami, n'kutseka faelo yake mwakachetechete. Sanakalipe. Anafotokoza kuti amami alibe chiphaso, choncho kugwira kiyiyo kunali ngati kugwira mfuti imene. Anati mfutiyo ikasungidwe kaye kwa wogulitsa uja nkhani ikuunikidwa, ndipo ngati adadi akufuna kuti ibwerere, asinthe loko, kiyi watsopano amubise pamalo pamene mkazi wawo sadzapadziwa. Ine ndinaima pakhomo. Sindinamvetse zonse, koma ndinadziwa kuti pakamwa panga pagwetsa chinthu.

Mlendo anapita. Amami ndi amene anayamba kulankhula, akuchotsa makapu.

"Bisani kiyiyo, bambo a Tadala. Ndi law ya eni dziko. Ine sindifufuza, ndili busy ndi ma shift."

"Ndamva," anayankha adadi, maso ali pansi.

Patapita milungu ingapo mfuti inabwerera, loko ali watsopano. Koma Loweruka linasintha. Adadi ankakhala pampando n'kumayang'ana wotchi mpaka amami atatseka chitseko chakunja. Akatero ankandituma kukagula mkaka umene sitinkaufuna, ndipo pobwera ndinkapeza mfuti ili kale patebulo. Ankaisisita monga kale, koma osaimba. Zinachitika choncho Loweruka katatu. Loweruka lotsatira tebulo linali lopanda nyuzipepala, ndipo kabati inali yotsegula, mulibe kanthu. Kumpikisano kuja kunapita munthu wina.

Palibe anandiuza chimene chinachitika, inenso sindinafunse. Ndinangotsimikiza mumtima kuti apolisi abwera ine ndili kusukulu n'kuilanda chifukwa cha zimene ndinanena. Ndinakula nalo bala limeneli. Ndikawaona adadi akubwera ku ntchito atanyamula kachikwama ka yunifolomu, mapewa atagwa, ndinkadziuza kuti ndine ndinawalanda malo okhawo amene ankakhalabe mmisiri. Ndinasanduka mwana wosalankhula pamaso pa alendo, amami mpaka kumadabwa kuti Tadala wolongolola uja wapita kuti.

Ndinadzawapepesa adadi ndili kale ndi ana anga awiri. Tinali pa basi, tikuchokera ku msika wa ku Romford, adadi atagwirizira thumba la masamba pamiyendo. Ndinayamba m'Chichewa, chinandithera panjira, ndinamalizira m'Chingelezi, misozi ili m'maso. Adadi anapukusa mutu.

"Iwe mwana, zaka zonsezi? Police sinalande kanthu. Ndinakagulitsa ndekha."

Ndinafunsa chifukwa chake, popeza amami anali atalola.

"Analola, inde. Koma ndinkadikira amako atuluke kaye, ngati wakuba m'nyumba mwanga momwe. Tsiku lina ndinawamva akubwerera, anaiwala ambulera, ine n'kuponya kiyi m'sokosi mtima uli phaphapha. Kubisira munthu amene anandibweretsa kuno, amene amadziwa ndi mankhwala anga omwe. Ndinati ayi, mfuti ndi chitsulo."

Ndinafunsa ngati sankaisowa. Anati ankaisowa kwambiri, mpaka lero akamva fungo la mafuta aja amaima kaye. Basi itafika pamalo athu anatsika mosamala, akugwira chitsulo cha pakhomo.

Lamulo lija sindilitsutsa. Ndili ndi ana, ndipo ndikudziwa chifukwa chake linaikidwa. Koma masiku ano ndimaona mmene tikukhalira ife a m'badwo uno. Ine ndi mwamuna wanga timakondana, sitikangana kawirikawiri, koma aliyense ali ndi akaunti yake, foni yake, manambala ake achinsinsi, ndipo timati kumeneko ndiye kulemekezana. Mwina n'zoona. Tsiku lomwe lija nditafika kunyumba, foni ya mwamuna wanga inalira patebulo iye ali kubafa, uthenga wochokera kwa mlongo wake. Ndinaitenga kuti ndimuwerengere, ndipo ndinangoima nayo m'manja. Takhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi, koma sindinkadziwa potsegulira.