Anakumba manda foni yanga ili m'ndege

Mayi anga aikidwa dzulo ku Dowa, ine ndili pabwalo la ndege kuno ku London, nditafunda chitenje ngati wodwala malungo. Inu a kampani ya ndege, dzina lanu ndalisunga kaye, koma mukudzidziwa.

Mayi anamwalira Lolemba. Achimwene anga a Gilibati anati thupi lidikire kumotchale mpaka ndifike. Ndinapempha tchuthi kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Edmonton, dera la mu London momwemuno, n'kugula tikiti ya Lachinayi madzulo. Pabwalo ndinavula jekete n'kupatsa msuweni wanga Chisomo, amene anandiperekeza. "Asisi, kunjaku kuli minus, chisanu choopsa, mukudziwa?" anatero. Ndinati kwathu Januwale ndi thukuta lokhalokha, jekete ndikaveka ndani?

Tinakwera 5 koloko. Woyendetsa anati mapiko aundana, ayenera kuwapopera mankhwala otentha. Sindinadandaule, ndege si minibasi. Anapopera. Tinaima pamzere mpaka mapikowo anaundananso. Anapoperanso. Ndinafunsa mtsikana wotumikira m'ndegemo ngati tinyamukadi, ndinamuuza kuti ulendo wanga ndi wa maliro. Anamwetulira, akuti ndisade nkhawa, kwatsala mphindi khumi zokha. Ndinamukhulupirira. Ndinalembera achimwene kuti tanyamuka, mawa masana ndafika, auzeni adzukulu. Foni ndinazimitsa n'kuiponya m'chikwama cha pamwamba pa mpando.

Kwathu adzukulu amayamba kukumba mbandakucha. Ndipo dzenje likatha siligona lopanda mwini wake.

Posakhalitsa m'ndege munadzaza utsi wonunkha mokoma ngati shuga wopserera. Akuti mankhwala aja analowa m'kainjini ka kumchira kamene kamatipatsa mpweya. Kukuwa kunali komweko: tulukani, siyani katundu yense! Tinatsetsereka pachimphira chotulukirapo pangozi n'kugwera pachipale, ine ndili ndi masilipasi. Ozimitsa moto anafika msanga, amakaniko anali kale pansi pa ndege, manja ali gwa ndi chisanu. Amenewo ndilibe nawo mlandu. Anatipulumutsa.

Mlandu wanga uli ndi inu a pakauntala.

Munatitsekera m'chipinda chodikirira. Ndinapita kwa bambo wa tayi wofiira, ndinati foni yanga ili m'ndege, ndiyenera kuletsa anthu kukumba manda. Akuti ndege yatsekedwa kuti aifufuze, salowamo munthu. Chabwino. Mayi wina wa ku Zambia anandibwereka foni yake, "Tumani foni chabe, amake, osayopa," koma masiku ano ndani amasunga nambala m'mutu? Ngakhale ya Chisomo inandithawa.

Ndinabwerera kwa watayi uja. Ndinati pogula tikiti munandifunsa nambala ya wachibale woti muimbire zinthu zikavuta. Ndinakupatsani ya achimwene. Ili m'kompyuta yanuyo, imbani. Akuti saloledwa kuitsegula pokhapokha ine nditavulala. Ndiye ndikanathyoka mwendo kuti mundimvere? Ndinati ndiye ndiwerengereni, ndiimbe ndekha. Akuti alankhule kaye ndi bwana wake, mphindi khumi. Mphindi khumi zanuzo mumaziyeza ndi wotchi yanji? Shifiti yake inatha, anachoka osatsanzika. Wobwera m'malo mwake anandipatsa kapepala kogulira sangweji.

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa.

Chikwama munandibwezera 9 koloko m'mawa. Nditayatsa foni, mauthenga anali mbwee. Ndinaimba.

"Mlongo, mwafika pati?" anafunsa achimwene.

"Ndikadali ku London, achimwene. Auzeni asakumbe."

"Dzenje latha kale. Thupi tatenga, anthu adzaza pabwalo. Nditani ine?"

Maliro a mayi anga ndawaonera pafoni, mlamu wanga akujambula kumudziko, chithunzi chikudukaduka, nditakhala pafupi ndi makina ogulitsa khofi. Poika nkhata anaitana ana a malemu mmodzimmodzi. Anatchula dzina langa, n'kudikira pang'ono, kenako n'kupitiriza.

Anzanga opita kumudzi nyengo yachisanu ino, foni izikhala pathupi, ndipo musanene kuti mwanyamuka matayala akadali pansi.

Inu a kampani, lero mwanditumizira uthenga woti ndikuuzeni ngati ndinasangalala ndi ulendo. Yambani ndinu kundiyankha. Nambala ya wachibale ija mumatifunsa, mukuisungira tsiku liti loposa limeneli?